Mphasa za mu Holo ya Chitukuko

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunga polemekeza eni ake, anamanga holo ya misonkhano yoposa tchalitchi kukula. Vuto linali lakuti holoyo inkabweza mawu. Wapampando Wamuyaya wa Komiti ya Chitukuko ndi Zina Zotero, Bambo Kamtengeni, akati "chitukuko", anthu ankangomva "kuko-kuko-kuko", n'kuwomba m'manja mwaulemu.

Wapampando anadandaula kuti nzeru zawo zikuthera kudenga, ndipo komiti inaitanitsa akatswiri awiri a m'tauni.

Mayi Nachisale anajambula holoyo pa kompyuta, n'kuigawa timabokosi tambirimbiri, kuti awerengere mmene mawu amadutsira kabokosi ndi kabokosi. Pa mawu a besi zinkayenda bwino, koma pa nthungululu kompyuta inkatentha ngati simbi. Bambo Chimtali iwo ankayesa mawu ngati timipira tonjanja pakhoma. Nthungululu ankazilondola bwinobwino, koma besi inkawasowa.

"Timipira tanuto ndi masewera a ana, bambo," anatero Mayi Nachisale.

"Nanga timabokosi tanuto, mayi, mukugulitsa machesi?"

Wapampando anagamula: "Mabokosi ndi mipira zikwatirane! Ankhoswe ndife."

Zinakwatiranadi. Besi anaipereka ku timabokosi, nthungululu ku timipira, mawu apakati n'kugawana. Patatha masiku atatu akatswiri aja anatuluka akuvina, kompyuta ili m'mwamba, masamu atagwirizana. Yankho linali lakuti apachike mphasa makumi anayi kukhoma lakumbuyo. Mudzi wonse unasonkha mphasa, ena mpaka kugona pansi.

Tsiku lotsegulira, Wapampando anakhosomola, chifuwa chawo n'kumveka kamodzi kokha. Anthu anakuwa ndi chimwemwe. Kenaka anayamba kuwerenga lipoti lomwe ankawerenga chaka chilichonse, osabisa kanthu, anthu n'kumaliwombera m'manja.

"Mjigo wa mudzi tinaukumba kuseri kwa nyumba yanga, kuti utetezeke. Malata a sukulu ndikukusungirani padenga langa."

Anaima kudikira m'manja. Koma chimene chinamveka ndi ntchentche ikutera pa tebulo.

Mayi Nagama, amene ankatunga madzi kudambo zaka zisanu, anaimirira. "Bwana, pepani, tabwerezani. Lero mukumveka bwino kwambiri."

Madzulo omwewo komiti inachita kafukufuku wozama, ndipo inapeza kuti mphasa zimasunga nsikidzi. Pofuna kuteteza umoyo wa anthu, zonse zinatsitsidwa dzuwa lisanalowe.