Kuposa Akazi Anu

Mpaka lero ndikamadutsa ku Salisbury Lines ndimayenda chozolika, ndipo chinandipalamulira zonsezi ndi kamawu kamodzi ka Chingelezi, than.

Ine kwathu ndi ku Thyolo, ku Mzuzu kuno ndinabwerera ntchito ya mu ofesi. Chaka china ndinkafuna kukapitiriza sukulu kunja, ndiye panafunika kulemba mayeso aja oonetsa kuti Chingelezi umachitha. Loweruka lililonse ndinkakwera kabaza kuchoka ku Chibavi kupita ku Geisha, kumene mayi wina ankatiphunzitsa m'galaja mwake. Tsiku lina analemba pa bolodi kuti "The weather in Mzuzu is colder than Zomba", n'kufunsa ngati pali cholakwika. Tonse tinati zili bwinobwino. Mayiyo anatiyang'ana ngati tamubera nkhuku.

"Mukuyerekeza nyengo ndi tauni? Nyengo iyerekezeni ndi nyengo inzake, msewu ndi msewu unzake. Than that of Zomba."

Abale, maso anga anatseguka. Tsono vuto langa ndi lakuti ndikadziwa kanthu sindisunga m'mimba. Mnzanga ku ofesi atati "Our roads are better than Blantyre", ndinamuponyera "those of Blantyre" asanatseke n'komwe pakamwa. Abusa kutchalitchi ndinawakonza katatu pa ulaliki umodzi, koma chamumtima (nthawi imeneyo nzeru zinali zikadalimo pang'ono).

Ndiye panali Lusungu, bwenzi langa, mwana wa ku Nkhata Bay. Tinagwirizana za banja, koma makolo ake anati akufuna andione kaye ndisanatumize ankhoswe. Anali ndi nkhawa kuti ndikapita kunja ndidzamuiwala mwana wawo. Akanangoti ayi, nkhani ikanathera pomwepo, chifukwa Lusungu sadumpha mawu a makolo ake. Panjira yopita kwa makolo akewo ku Salisbury Lines anandichenjeza.

"Adada anaphunzitsa Chingelezi moyo wawo wonse. Iwe ukangofika uzikati yewo, zikomo wakwathu uja, basi. Wamva?"

Ndinati ndamva.

Tinawapeza a Chirwa, bambo akewo, atakhala pabalaza Lamlungu masana, atavala suti ndi tayi m'nyumba mwawo momwe (Atonga ndi suti, mukudziwa kale). Tinapatsana monire, ine n'kumwaza ma yewo chomene paliponse, ngakhale posafunika. Zinkayenda. Mayi ake a Lusungu, a NyaBanda, anabweretsa kondowole ndi nsomba ya batala n'kubwerera kukhitchini. Titayamba kudya, mkuluyo ananyamula mutu wa nsomba nati:

"You see, young man, the fish of Nkhata Bay is sweeter than Mangochi."

Ndinalimbana nacho chilakolako chowakonza, Mulungu ndi mboni. Ndinameza mbamu kuti mwina chitsikira limodzi. Lusungu anandiponda phazi pansi pa tebulo. Koma pakamwa panga panatseguka pokha.

"Than that of Mangochi, bambo."

A Chirwa anabwezera mutu wa nsomba uja m'mbale, napukuta zala chimodzichimodzi, n'kumwetulira. Lero ndimakhulupirira kuti analakwitsa dala kuti aone ngati ndili ndi mwambo, ndipo ine ndinalowa mu msampha ndi miyendo yonse iwiri.

"Ooh, tili ndi katswiri kasi," anatero. "Ndiye tiyankhule Chingelezi chokhachokha, adada. Mukapita kunja kuja, mwana wangayu simudzamutaya? Tell me how much you love her."

Apa ndinaona mpata wokonza zinthu. Ndinafuna kunena chinthu chachikulu, choti mkuluyo agwedezeke. Ndinaganiza kuti padziko palibe chikondi choposa cha mayi, ndiye ndikachiposa chimenecho ndapambana. Ndinakhala tsonga n'kunena:

"Sir, I love Lusungu more than your wife."

Mkuluyo anavula magalasi. "A NyaBanda, tabwerani mudzamve kuno." Mayi aja anatulukira akupukuta manja pa chitenje. "Mlendo wathuyu akuti amakukondani. Koma musadandaule, akuti Lusungu ndiye amamukonda kwambiri. Inu muli nambala thu."

Mayi aja anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Munthu amene mwamwambo sindimayenera n'kumuyang'ana m'maso komwe, ndinali nditamufunsira pamaso pa mwamuna wake. Thukuta linatsika, kuzizira konse kwa Mzuzu kuja kuli apo.

"No, sir, I mean, more than that of your wife."

"That what? Chake chiti cha mkazi wanga chimene mwachiona kale?"

Lusungu anathawira kukhitchini. Ndikanakhala wanzeru ndikanaseka nawo, kupepesa, n'kupempha madzi akumwa. Anthu anali akuseka, ndipo poseka nkhani imapepuka. Koma ayi, ine ndinkafuna chiganizo changa chikhoze. Ndinakumbukira bolodi la ku Geisha lija: chikondi chiyerekezedwe ndi chikondi chinzake. Ndinapuma, n'kuchitulutsa bwinobwino, mawu amodziamodzi.

"I love Lusungu more than your wife does."

"Correct," anatero a Chirwa, mpaka kuwomba m'manja kamodzi. Kenaka anatembenukira kwa akazi awo n'kumasulira mokhulupirika, osachotsa kanthu. "Tsopano wakonza. Akuti Lusungu amamukonda kuposa mmene inu mumamukondera."

Kuseka kuja kunatha. Mayi aja anatsitsa chitenje n'kundiyang'ana kwa nthawi yoyamba, ndipo sanakweze mawu.

"Mwamudziwa liti Lusungu, adada?"

"Chaka chatha, amama."

"Chaka chatha. Ine ndinagona naye m'chipatala milungu itatu ali wakhanda, madokotala atataya mtima. Inu chaka chatha." Anasonkhanitsa mbale, ndi yanga yomwe ndinali ndisanamalize, n'kulowa nazo kukhitchini.

Manyazi amene ndinamva pamenepo anali ena, osati oseketsa aja. Ndinawawidwa mtima chifukwa mayiyo ankanena zoona.

A Chirwa anandiperekeza mpaka pageti. Iwo nkhani ya nsomba ija anali ataikhululukira kale, anati mnyamata wolimba mtima pa galamala sangalephere kusunga banja. "Koma m'nyumba muno chilolezo sindipereka ndine," anatero. "Chiganizo cholakwika chija mukanachisiya, bwenzi ankhoswe anu akubwera sabata yamawa."

Mayeso ndinakhoza, ndipo funso la than linabweradi, ndinalimenya osaganiza kawiri. Koma kuti a NyaBanda alole ankhoswe anga kuponda pakhomo pawo zinanditengera miyezi isanu ndi iwiri, ndikupita Lamlungu lililonse kukakhala pakhonde, kulandira tiyi ndi manja awiri, osatulutsa liwu la Chingelezi ngakhale limodzi. Tsiku limene anavomera anandifunsanso, m'Chichewa, kuti mwana wawo ndimamukonda bwanji.

Ndinati, "Ndimamukonda, amama."

Anadikira kuti amve ngati kukubwera "kuposa". Ndinaluma lilime mpaka kumva magazi.

"Yewo," anatero. "Auzeni abwere."