Mphuno ya Apongozi

Lolemba
Ndabwerako kuboma, ku maphunziro a ife odzipereka pa zaumoyo. M'chikwama: timitengo ta thonje, timabotolo, timapepala toyezera. Utokosa m'mphuno, udonthezera pakapepala, ujambula ndi foni, foni inena ngati ndi chimfine choopsa chija. Woyamba kuyezedwa akhale apongozi, amayi a mkazi wanga, atsokomola sabata yonse.

Lachiwiri
Ndaiwala chinthu chimodzi. Ndine mkamwini pano. Apongozi ndikakumana nawo panjira ndimapatukira m'thengo, nkhope yawo sindiiyang'ana. Ndiye mphuno ndiifika bwanji? Kuboma izi sananene.

Lachitatu
Ndaphunzitsa mkazi wanga, Naphiri, ine nditaima kuseri kwa nkhokwe. Wangokhudza kunja kwa mphuno n'kubwerako. "Ndi amayi anga aja, si botolo lotsuka." Foni yati yesaninso.

Lachinayi
Nzeru zatsopano: apongozi afunde chitenje kumaso, mphuno yokha ionekere. Avomera. Ndikuyandikira chogwada, maso kumbali, dzanja likufufuza lokha. Kamtengo kalowa m'khutu. Apongozi auza Naphiri: "Auzeni bambowo kuti kumva ndimamva bwino." Manyazi ake, ndathera tsiku kumunda kukumba nsawa.

Lachisanu
Ndamangirira kamtengo kunsonga ya bango lalitali. Mudzi wonse wabwera kudzaonerera, ena ndi mipando yawo. Apongozi ayetsemula, kamtengo kagwa pansi, nkhuku yathawa nako. Anthu aseka, koma ine ndamva mmene chifuwa cha apongozi chikulirira. Ndachita mantha.

Loweruka
Thupi lawo latentha, phala akana. Basi, ukatswiri wanga ukhale. Ndabwereka ngolo ya ng'ombe, iwo kumbuyo ndi Naphiri, ine kutsogolo, kuyang'ana michira mpaka kukiliniki. Anamwino atokosa kamodzi, foni yonga yanga yomwe yayankha: ndi chimfine chija. "Mukanachedwa chikanatsikira m'mapapo." Awapatsa mankhwala. Andifunsa chimene ndinalekera kuwayeza ndekha. Ndangoyang'ana pansi, poti n'zimene ndazolowera.

Lamulungu
Apongozi adya, akulamulanso pabwalo ngati kale. Mtima wakhala pansi. Koma ine mutu waukulu, mphuno ikuchucha, kutchalitchi sindinapite. Naphiri wabwera ndi uthenga wochokera kwa amayi ake: "Adziyeze okha. Mphunoyo ndi yawo, palibe mwambo woletsa."

Ndakhala pamphasa, kamtengo m'manja. Lero ndi pamene ndaona kutalika kwake. Ndakabwezera m'chikwama, ndatuma Naphiri akabwereke ngolo.