Njinga Yotsamwa ndi Petulo

Lolemba

Lero ndi tsiku! Madamu andiitana ndili kuthirira maluwa. Akuloza njinga yamoto ya mwana wawo, ija yagona m'galaja chichokereni mwiniwake kupita kusukulu kunja, kuzizira kusanayambe. Akuti: "Bambo a Tadala, ichi chikunditsekera malo. Chikalira pofika Loweruka masana, n'chanu. Chikapanda kulira, ndaitana kale ogula zitsulo zakutha."

Ndathokoza mpaka galimoto yawo yatuluka pageti.

Ndaitulutsa panja. Fumbi lokhalokha, ndipo pansi pa mpando makoswe amangapo banja. Ndawasamutsa. Ndaitsuka ndi sopo wa mbale, tsopano ikuwala ngati ya apolisi. M'thanki petulo alimo wambiri.

Pulani: Lamulungu popita kwathu ku Kauma ndikwera imeneyi. Ndikaima nayo pakhomo pa tchalitchi, pobwerera amake Tadala kumbuyo. Osawauza kaye.

Zondidya mtima:
Madamu akasintha maganizo?
Mwana wawo akaimba foni kuti musapatse munthu?
Makoswe aja akabwerera ndi abale awo?

Lachiwiri

Kiyi ndatembenuza. Kiki, chitsulo chija chopondera poliza, ndaponda. Zii. Ndapondanso. Zii.

Ndakhala pa ndowa, ndaganiza bwino. Chinthu chagona miyezi yonse yozizira osalawa kanthu, chilira bwanji ndi njala? Kampopi ka petulo ndapeza kali kotsegula, chisiyireni mnyamata uja. Zabwino. Ndakoka choko, kaja kothandiza kuliza kukazizira. Ndapotokola chogwirira cha moto, kupotokola, kupotokola, kuti imwe ikhute. Ndaponda.

Yatsokomola! Kamodzi kokha, koma ndamva ndi makutu angawa. Nabanda, wophika wa pano, akuti ndine ndageya. Nsanje.

Fungo la petulo lokha ndi limene landiopsa. Ndaika ndowa ya mchenga pafupi, ina ya madzi, ndi payipi. Ndapempha Nabanda asayatse mbaula kuseri kuno. Akuti: "Ndiye chakudya cha agalu ndiphike ndi dzuwa?"

Lachitatu

Matenda ndawapeza: chisanu chinailowa m'chifuwa. Galaja ija ndi simenti yokhayokha, Juni yense, Julaye yense, popanda ndi chiguduli chomwe. Ndaiimika padzuwa, ndaifunditsa bulangete langa. Itafunda bwino, choko, kupotokola, kuponda.

Kiki yabwerera, yandimenya pamsongolo. Ndakhala pansi, misozi ikutsika yokha. Koma ndasangalala. Chakufa sichimenya munthu. Mphamvu zilimo!

Petulo akudontha pansi pa injini, tho, tho, tho. Simenti yada. Madamu pochokera ku Capital Hill aima, anunkhiza, akuti: "Musandiotchere nyumba." Ndakolopa ndi sopo mpaka mawondo achita dzanzi.

Bulangete likununkha petulo, ndifunda chiyani?
Msongolo ukatupa mpaka akadule mwendo, giya ndizisintha ndi chiyani?

Lachinayi

Mulungu watuma munthu. A Gondwe, a kabaza wa njinga yamoto amene amabweretsa Nabanda pochokera kumsika, amva fungo ali pageti. "Mwatsegula malo omwetsera mafuta, bambo?" Ndawafotokozera zonse zimene ndachita, monyadira. Aseka mpaka atsamira khoma.

Akuti si njala, yatsamwa. "Mwana akakana phala, inu mumangomuthirabe m'kamwa?" Kampopi kaja kanayenera kutsekedwa poisunga. Petulo wakhala akutsikira m'injini nyengo yonse yozizira, ine n'kudzathira wina pamwamba. Amasula pulagi, kachitsulo kamene kamayatsa moto m'injini. Yakuda bii, yonyowa ngati yachokera m'chitsime.

Malamulo a Gondwe: kampopi tsekani, choko bwezani, pulagi iume padzuwa, bowo lake likhale lotsegula kuti petulo auluke. Mawa muponde kiki pulagi isanalowe, wotsalayo atuluke. Koma lero ayi. "Osaigwira, bambo. Muzingoiyang'ana."

Matenda adziwika! Ndipo ine sindinali patali, ndinadziwa kale kuti nkhani ndi ya petulo.

Kusagwira ndiye ntchito yaikulu. Ndatenga chisizasi kukadulira mpanda wa maluwa kuti manja atanganidwe. Ndadulira. Ndabwera kudzaiona. Ndakaduliranso. Ndabweranso. Tsopano mpanda wafika m'chiuno, agalu a nyumba inayo akutiyang'ana tikudya.

Lachisanu

Pulagi yauma, ndaikwecha ndi mswachi wakale. Ndapempha Nabanda aponde kiki, ine ndasuzumira m'bowo kuti ndione ngati zikutulukadi. Fwaa! Petulo kumaso. Zikutuluka.

Ndabwezera pulagi. Ndatsegula kampopi. Ndaponda.

YALIRA! Du-du-du-du! Nabanda wataya dengu la anyezi. Ine mtima wayamba: nanga ikazima? Kunja kuli kamphepo, chinthu chongochira kumene. Dzanja lapita lokha pa choko, linalo lapotokola. Du, du, zii. Ndaponda, ndapotokola, ndaponda, ndapotokola. Fungo lija labweranso.

A Gondwe lero sanaseke. "Njinga ilibe vuto, bambo. Vuto ndi chikondi chanu." Amasulanso pulagi. Mawa sabwera, akanyamula anthu a ukwati ku Area 9. Andisiyira sipanala ndi mawu: ikavuta, choko ayi. Potokolani kamodzi mpaka kumapeto, gwirani pomwepo kuti mpweya ulowe, pondani.

Komabe yalira, mboni ndi Nabanda. Ndawauza Madamu. Akuti zomva kwa anthu ayi, amve okha.

Loweruka

Ogula zitsulo afika msanga ndi kalole kawo. Akhala pamthunzi, akuiyang'ana njinga ngati mbuzi ya pa Khirisimasi. Wina akuti: "Musavutike madala, tsikani mupume."

Pulagi ndabwezera. Choko ndamanga ndi mphira kuti dzanja lisandipereke. Ndaponda. Zii. Ndaponda. Zii. Mtima ukuti ipatse, ipatse pang'ono, ikufa ndi ludzu! Ndauuza kuti ukhale chete. Ndapotokola mpaka kumapeto, ndagwira, ndatsinzina, ndaponda.

Area 10 yonse yamva! Utsi tolo, agalu kuuwa, alonda a nyumba ya kazembe kusuzumira pageti pawo. Nabanda nthungululu. Madamu atuluka ndi thaulo kumutu, zala m'makutu, akukuwa: "N'chanu! Zimitsani!" Ndachita ngati sindikumva. Ogula zitsulo apita ndi wilibala yothyoka mwendo.

Yanga! Njinga yamoto, ine!

Kenako Madamu: "Tazungulirani nayo pabwalopa tione." Ndakwera. Apa m'pamene ndakumbukira kuti sabata yonse ndaphunzira kuliza, kuyendetsa ayi. Ngakhale njinga yakapalasa ndimatsika ndikaona lole. Koma anthu akuyang'ana. Ndaponda giya, ndasiya kilachi. Njinga yanyamuka, ine ndatsatira pambuyo. Tapezeka m'maluwa a Madamu, ine pansi, iyo pamwamba, tayala likuzungulira.

Ikulirabe! Injini yabwino bwanji!

Lamulungu

Ndavala suti. Njinga ndafika nayo pageti, ndauyang'ana msewu, msewu wandiyang'ana.

Magalimoto othamanga.
Maenje.
Apolisi apamsewu, laisensi ndilibe.
Akandigunda, Tadala amulera ndani?

A Gondwe akuti adzandiphunzitsa pabwalo la mpira. Ndavomera. Mwina fumbi likachepa. Kapena mvula ikadzatha.

Kuisiya pano sizitheka, Madamu akufuna malo awo. Ndiye ndikukankha. Yolemera ngati ng'ombe! Thukuta m'suti, msongolo ukulira. Kutchalitchi ndafika anthu akutuluka.

Amake Tadala aizungulira, asisita mpando. "Ndi yathu?" Ndi yathu. Sanafunse zambiri. Akonza chitenje, akwera chammbali, ine ndikukankha mpaka kunyumba, iwo akubayibitsa anzawo a kwaya.

Panjira bambo wina waima, akuti: "Pepani achimwene, mafuta avuta m'dziko muno." Ndagwedeza mutu kuvomera. Bola aganize choncho.

Ndaiimika pakhonde, ana a m'mudzi akuisinthana kukhalapo. Mawa ndibwerera kuntchito wapansi, monga kale. Kungoti tsopano ndi wapansi wa munthu wa njinga.