Tchizi cha a Sipanala

Inu, tamverani za aneba anga a pagalaja aja, amene timangowati a Sipanala. Injini yakufa amaidzutsa, koma anali ndi chilonda chimodzi: chikwatirireni, apongozi awo aakazi anali asanawayamikepo. Awagulire nsapato, "Zikundithina." Awakonzere wailesi, "Kale inkamveka bwino." Ndiye tsiku lina mayiwo anatamanda mkamwini wawo wina, wa kubanki, chifukwa chowabweretsera tchizi cha m'sitolo. A Sipanala zinawapweteka mpaka m'mafupa.

"Kugula aliyense amagula," anauza akazi awo. "Ine ndipanga ndi manja angawa. Amayi akadzabwera mwezi wamawa adzandiyamika, afune asafune."

Akazi awo anafufuza pa foni n'kuwauza zofunika kuwonjezera pa mkaka: poto wamkulu, choyezera kutentha, nsalu yosefera, mandimu, mchere ndi chofinyira.

"Poto alipo, mandimu alipo, mchere ulipo. Zinazo n'zobera anthu."

"Nanga kutentha muyeza ndi chiyani, bambo?"

"Chala ichi chayeza mainjini angati?"

Mkaka uli pamoto, iwo chala chija pisu! Abale, kukuwa kwake agalu a mumsewu monse anayankha. Ali kalikiliki kuuzira chala, mkaka nawo fwaa, kusefukira pachitofu. Safunsa anadya phula, koma awa anaotcha ndi chala chomwe.

Wotsalawo anaufinyira mandimu, ndipo taonani mwayi wa munthu wouma mutu, mkaka unagwirana mibulumibulu! A Sipanala anavina ndi chala chomanga. Tsono kusefa. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, maso n'kugwera pa katani woyera wa pabalaza, wa timabowo uja.

"Bambo! Katani wanga!"

"Ndangobwereka, mayi. Dzuwa silinaphepo munthu pabalaza."

Mibulu ija anaikulunga m'katanimo n'kuiika m'chitini choboola kunsi, kathabwa pamwamba. Chofinyira? Anabwera ndi jeke wa galimoto. "Akuluakulu anati jeke sasankha katundu," anatero, ngakhale sindikudziwa kuti ndi akuluakulu ati. Anamukhazika pakathabwa paja, mutu wake n'kuutsamiritsa kunsi kwa sinki, n'kuyamba kupopa. Madzi a mkaka akuchucha, iwo akuimba mluzu. Kupopa, kupopa. Kenako akazi awo anati, "Bambo, kodi sinkiyi ikupita kuti?"

Inali itanyamuka ndithu, mbale zili momwemo. Paipi inangoti phwaa, khitchini yonse dziwe, mphaka pamwamba pa firiji.

Atathamangitsidwa m'khitchini, bambo aja sanagonje. Anapita ndi chitini chawo kugalaja n'kuchipanikiza ndi galimoto ya kasitomala, yathunthu. Chimene chinatuluka m'menemo, inu, chinali chophwatalala, cholimba, chokhakhala chifukwa cha timabowo ta katani. Anachikwirira mumchere. Poti kukhitchini kunali koletsedwa, anakachiyanika pawindo la kubafa, ati n'kozizira bwino. Chinauma mpaka ntchentche inkati ikatera, n'kuuluka yokhumudwa.

Tsiku linafika. Apongozi anatsika basi ali fumbi lokhalokha, n'kuyamba apita kukasamba. A Sipanala anavala malaya a kutchalitchi, anayala mbale yabwino ndi mpeni, akungodikira kuti kubafa kutseguke akatenge chuma chawo. Koma mayi aja osatuluka. Kunkangomveka kwecha, kwecha, kwecha.

Potuluka, nkhope inali ikuwala, chinthu chija chili m'manja, chonyowa.

"Akamwini, mwala uwu munaupeza kuti?"

"Mwala uti, amayi?"

"Uwu wokwechera mapazi! Taonani zidendene zangazi. Ming'alu yandisautsa zaka ndi zaka, lero yasalala ngati tsaya la khanda. Kafungo kokha kalipo, koma mwina ndi mapazi angawa."

Akazi a Sipanala anatsegula pakamwa kuti aulule. A Sipanala anawayang'ana ndi diso lopempha, lija la mbuzi yomangidwa panjinga, iwo n'kutseka.

"Ndinapanga ndekha, amayi."

"Nokha? Ayi ndithu, akamwini, muli ndi manja! Wa kubanki uja sangathe zimenezi."

Inu, munthu wamkulu wandevu zake misozi inalengeza. Anabweza mbale ndi mpeni mwakachetechete, akumwetulira ngati wawina mpikisano.

Ali pakati pa kumwa tiyi, apongozi anakumbukira. "Paja mwana wanga ankati mukundipangira tchizi. Chili kuti?"

A Sipanala anayang'ana zidendene zija zikunyezimira pansi pa tebulo.

"Sichinatheke, amayi."

"Ndinadziwa ine," anatero apongozi akupemerera tiyi. "Zakudya asiyireni anzanu. Inu limbikirani miyala yomweyi."