Mabotolo a Suweji mu Mtsuko wa Azakhali

Nkhaniyi ndikuilemba ndi manyazi, pakuti inasiya ukwati wa msuweni wanga Nabanda uli lende.

Aphunzitsi athu a zaumoyo ku koleji anatituma kuti patchuthi aliyense akatunge madzi otuluka m'maiwe a suweji, tidzawapime. Kufupi ndi Chipoka, kumene ndimakhala ndi azakhali, kuli maiwe atatu otere. Zonyansa za m'zimbudzi zimalowa m'dziwe loyamba, ndipo amati pofika m'lachitatu dzuwa limakhala litaziyeretsa. Ine ndinapeza madzi obiriwira akutsetserekera kudambo kumene amayi a m'mudzi amachapa. (Izi ndikunena chapansipansi. Khadi la chipani ndili nalo, koma silitchinjiriza munthu wodandaula.)

Ndinadzaza mabotolo awiri n'kuwatseka ndi zitsononkho. Lamulo linali lakuti madziwo asatenthedwe, ndipo pakhomo pa azakhali malo ozizira ndi amodzi okha: mumtsuko wa madzi akumwa. Ndinawamiza m'menemo. Sindinauze munthu, chifukwa ndinasowa mawu aulemu otchulira zinthu zotere pamaso pa akulu.

Masana kunafika a Phiri, ankhoswe a mnyamata wofunsira Nabanda, atapalasa njinga kuchokera kwa Maganga. Nabanda anawatungira madzi mumtsuko uja. Ine ndinalowa kukazonda mabotolo anga, ndipo ndinapeza chitsononkho chimodzi chikuyandama.

Wanzeru akanangothamanga n'kuwaphumitsa chikho. Ine ndinatuluka, ndinanjuta, ndinaomba m'manja.

"Pepani bambo, ndisanalankhule ndiyambe ndapereka moni. Kaya mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino, mwanangu," anatero a Phiri, namwa.

"Nanga kunyumba mwasiyako bwanji?" (Lilime linangopitiriza lokha.)

"Kuli bwino. Mayi, mtsukowu ngwatsopano? Madziwa akumveka kadothi."

"Ngwakalekale," anayankha azakhali. "Nabanda, aonjezere."

Apa m'pamene ndinaulula, mwadongosolo, kuyambira dziwe loyamba mpaka lachitatu. Azakhali ananditembenukira.

"Iwe, wati za m'chimbudzi cha yani?"

"Cha anthu ambiri, azakhali."

A Phiri anapempha madzi otsukira m'kamwa, kenaka anakumbukira kumene madziwo achokere, nakwera njinga yawo osatsazika. Anagona masiku atatu ndi m'mimba. Pambuyo pake kunabwera uthenga wakuti banja lawo liyamba laganizanso, popeza silinamvepo za mtundu wosunga zotere mumtsuko. Azakhali anauswa mtsukowo kuseri kwa nyumba, ndipo Nabanda analira osandiyang'ana.

Botolo lotsalalo ndinakalipereka ku koleji. Aphunzitsi analipima, nandiuza kuti madziwo ngosayenera kumwa kapena kuchapira, ndipo anandiyamikira chifukwa chowasunga pozizira. Ndinafunsa ngati tingauze eni maiwewo. Iwo anatseka chitseko, nati ntchito yathu ndi kupima basi. Amayi aja akuchapabe kudamboko.

Ndaphunzira kuti ilipo nthawi imene munthu ayenera kufuula, ulemu n'kudza pambuyo. Tsopano ndikulembera a Phiri kalata yowapempha kuti asalange Nabanda chifukwa cha kupusa kwanga. Ndafika patsamba lachitatu, koma ndikadali pa moni.