Ndinapempha Mwana Mmodzi

Lolemba

Ahedi andiitana ku ofesi belu lisanalire. Akuti Lachisanu kukubwera a insipekitala, Mayi Nyirenda, kudzaona mmene ndimaphunzitsira za m'nyumba ku Sitandade 8. Lipoti la mayi amenewa ndi lomwe liperekeze kalata yanga yopempha transifa. Zaka zitatu ndili kunyanja kuno, amuna anga ali ku Zomba, ukwati wa m'makalata. Apongozi ayamba kufunsa ngati ndinakwatiwa ndi mwana wawo kapena ndi choko.

Ndiye sabata ino sindikufuna chibwana.

Phunziro: kasambitsidwe ka khanda. Buku likuti pakhale beseni, thaulo lofewa, sopo, mafuta, thewera ndi chidole.

Zomwe sukulu ili nazo:
beseni limodzi, lomwe nkhuku za ahedi zimamweramo
basi

Chidole cha boma chinalipo, akutero ahedi, koma "chinapita ndi amene analipo inu musanabwere." Mwayi wake ndinasoka changa sabata yatha: thumba la ufa, m'kati utuchi, pakamwa ulusi wofiira. Chokongola ndithu.

Masana tikuyeserera. Ndachiviika m'madzi. Chatupa! Msoko wa pamimba waphulika, utuchi mbwee beseni lonse, pakamwa pachucha ngati chamenyedwa chibakera. Atsikana makumi atatu akufa ndi phwete. Mmodzi yekha sakuseka: Filomena, wamtali wokhala kumbuyo uja, amene anabwera chaka chatha ndi othawa nkhondo a ku Mozambiki. Wangondiyang'ana n'kuti, "Madamu, mwana sagwidwa m'khosi."

Ine! Wa satifiketi ya ku koleji!

Choti sindingauze munthu koma kope lino: chibadwire sindinasambitsepo mwana weniweni. Kwathu ndine mzime.

Lachiwiri

Chidole ndachiyanika pa chingwe. Mbuzi yadya mwendo. Amayi opita kumjigo akulambalala nyumba yanga, wina walavula malovu. Akuti madamu apachika "chinthu."

Ahedi: "Bwanji osangosambitsa dzungu? Kulemera kwake n'chimodzimodzi."

Munthu ameneyu ndiye amatilamulira.

Ndaganiza bwino. Mwana weniweni! A insipekitala adzagoma, adzalemba okha kuti mphunzitsi wotereyu akuwonongeka kutchire. Ndauza kalasi kuti mawa wina abwereke mwana kwawo, tiyeserere, Lachisanu adzabwerenso naye. Mmodzi. Ndalemba pa bolodi zilembo zazikuluzikulu: MMODZI. Ndadula mizere iwiri kunsi kwake mpaka choko kuthyoka.

"Inde, madamu!" onse pamodzi.

Kumvera kwake kwandikoma. Mwina ana a kuno si oipa ayi.

Lachitatu

Ana asanu!

mlongo wake wa Asiyatu, wa chimfine
mapasa awiri
wina wa mano anayi, waluma kale rejisitala
Zeka, mwana wa mkulu wake wa Filomena, ali phee, maso pa ine ngati akuwerenga machimo anga

Aliyense akuti, "Munati mmodzi, madamu. Ndabwera ndi mmodzi." Wa mapasa akuti sakanatha kusankha, wotsalayo akanadandaula.

Ndayamba ndi wa chimfine. Buku likuti vulani mwana zonse, ndiye ndamasula ndi kachingwe ka m'chiuno komwe, kokhala ndi kachithumwa. Sipanapite mphindi khumi, agogo ake afika kuchokera kumudzi, mpango uli m'manja. Anawauza ndani? Alalata m'Chiyao kuyambira pakhomo mpaka pa bolodi. Ine ndamvapo "madamu" ndi chala chokha. Ndafunsa Asiyatu kuti akuti chiyani.

"Akuti zikomo."

Bodza! Zikomo wanji wotuluka ndi thovu kukamwa?

Kachingwe ndakabwezera ndekha, kalasi yonse ikuonerera.

Lesoni pulani yanga yanyowa. Si madzi a m'beseni.

Sopo wonunkhira amene amuna anga ananditumizira pa Khirisimasi, uja ndimangomununkhiza osamugwiritsa ntchito, watsala kachidutswa.

Lachinayi

Lero ndi tsiku loti othawa nkhondo alandire chakudya: ufa, nandolo, mafuta. Mzere wake umayamba m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndiye mbiri yafika kumeneko yoti kusukulu kuli madamu osambitsa ana ulere, ndi sopo wa ku tauni.

Ana khumi ndi anayi.

Amayi angofika pakhomo, kumasula mbereko, "Sikomo, madamu," ulendo. Wina wandiyankhula Chipwitikizi chachitali, wandisiyira mwana ndi mbatata imodzi. Ndikuti iyayi, iyayi, si chipatala chino! Iye akugwedeza mutu mondithokoza.

Ndathamangira kwa ahedi. Adzitsekera mu ofesi, akuyankhira pa zenera: "Imeneyo ndi dipatimenti yanu, mayi." Pobwerera ndapeza ana khumi ndi asanu. Wowonjezerayo ndi wa ahedi omwewo! Akazi awo apita ku Nkope kukagula usipa.

Zomwe ndaphunzitsa lero: palibe.

Zomwe ndachita:
kutunga madzi maulendo asanu ndi limodzi
kuchotsa choko m'kamwa mwa mwana
kuchotsa mwana m'kabati
kupepesa aphunzitsi a masamu a kalasi yoyandikana, amene akuti sakumvana ndi ana awo

Masana ndapereka mwana wolakwika. Awiri anali maliseche, zovala pa chingwe, ine mutu uli zii. Mayi wapita mpaka kumsewu, wabwerera akuthamanga: "Wanga ndi wamwamuna!" Filomena ndiye wakonza. Amadziwa mwana aliyense, mayi wake, ndi mudzi umene anachokera kutsidya.

Tsiku lonse wakhala akuyenda m'kalasi mwanga ngati sisitala wa m'chipatala. Atsikana awiri pa mwana mmodzi, masaka ayalidwe pamthunzi, madzi awire. Akumumvera kuposa ine. Ndakwiya kwambiri, koma sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

Lamulo la mawa: Zeka yekha, chifukwa salira. Ndamata chidziwitso pa chitseko, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ahedi akufunsa kuti awerenge ndani.

Lachisanu

Ufa unatha dzulo anthu asanalandire onse. Mzere ukupitirira lero.

Ana: ndasiya kuwerenga.

A insipekitala afika naini koloko, nsapato za gogoda, chikwama chakuda chonyezimira. Asanakhale n'komwe, mayi wina wawayesa wothandiza wanga, wawapatsa mwana. Iwo alandira. Akhala pansi, mwana pamiyendo, atulutsa cholembera. Ndikanakonda dothi litang'ambika.

Ndayamba. Mfundo yoyamba, konzani zipangizo. Mfundo yachiwiri, yesani madzi. Ndanyamula Zeka. Zeka amene sanalirepo sabata yonse! Wakuwa ngati ndamutsina. Anzake onse amupolokezera, kwaya yathunthu. Ndikukuwa mfundo yachitatu, palibe akundimva. Manja ali ndi sopo, mwana akupalapata, wandipulumuka.

Filomena wamuwakha mutu usanagunde m'mphepete mwa beseni.

Ine ndatsala ndi thovu lokha m'manja.

Filomena wangogwada, wamusambitsa, akuuza anzake motsitsa mawu: dzanja apa, nkhope kaye, liwombo osalidina. Atsikana agawana ana, awiri pa mwana mmodzi, ngati dzulo. Ine ndaima poteropo ndi thaulo, ngati mtengo woyanikapo zovala.

A insipekitala akulemba. Akulembabe. Atembenuza pepala.

Pomaliza, mu ofesi, a insipekitala akuti: "Mayi, ndayenda sukulu zambiri. Ena amasambitsa zidole, ena maungu." Ahedi akugwedeza mutu monyada. "Inu mwatsegulira chitseko anthu ovutika, ndipo mwasiya atsikana achite okha. Ndikalemba kuti kukuchotsani kuno kungakhale kulilakwira dera lino."

Ndati, "Zikomo kwambiri, mayi." Ndagwadanso! Ine, ndi mawondo angawa, kuthokoza munthu amene wandikwirira ku Mangochi ndili moyo!

Folo koloko. Ana onse atengedwa, watsala Zeka. Filomena waima pakhomo, akupota nsonga ya diresi. Akuti mkulu wake, Roza, wamva pamzere kwa anthu ofika kumene kuti amuna ake, amene ankayesa kuti anafa, aonedwa amoyo kufupi ndi malire. Wanyamuka pomwepo. Masiku awiri, mwina atatu. Filomena amagona kwa mayi wina wogulitsa usipa amene amamugwirira ntchito, ndipo mayiyo anakana kale kuti kwake safuna mwana.

"Achemwali anati ndimusiye kwa madamu. Akuti muli ndi satifiketi."

Loweruka

Basi yopita ku Zomba yadutsa. Ndaionera pa zenera, mwana ali m'manja. Chikwama choti ndikacheze kwa amuna anga ndinalongedza Lachitatu.

Amene ndawakwiyira:
ahedi, amene akuti "boma linakuphunzitsani zimenezi"
a insipekitala ndi cholembera chawo
Roza
amuna a Roza, posankha sabata ino kukhala amoyo (Mulungu andikhululukire)
amene analemba buku la za m'nyumba
mbuzi

Zeka wakana phala. Buku likuti mwana adye pa nthawi yake, ndi supuni yoyera. Zeka bukulo sanawerenge. Supuni waiponya kuseri kwa kabati. Kulira kuyambira m'mawa, mawu mpaka kusasa.

Masana ndanyamuka naye kupita kugombe, phala lili m'kapu. Ndamunyamula chammbali ngati mtolo wa makope. Amayi a pamjigo aseka, wina wabwera, wandivula chitenje changa chomwe, wandiberekera mwanayo kumsana osandifunsa n'komwe. Wamanga mfundo ngati akumanga mbuzi. Zeka wakhala chete nthawi yomweyo. Zonyoza!

Njira yonse ndikukonza mawu. Ndine mphunzitsi, sindine mlezi. Ndili ndi banja langa lomwe likundidikira. Tenga mwana wanuyu.

Ndapeza Filomena akutembenuza usipa pa thandala, dzuwa lili pamutu. Walawa phala langa, wakwinya nkhope. Wapempha kamchere ndi nsinjiro kwa mayi wina, watakasa, wamukhazika Zeka pamwendo, akumudyetsa ndi chala. Kapu yonse yatha!

Ndafunsa mwaukali kuti zimenezi anaziphunzira kuti.

"M'njira, madamu. Tinali ndi ana atatu. Uyu anabadwira m'tchire. Anafika kuno ndi yekhayu."

Akupitiriza kutembenuza usipa. Kenaka akuti ngati sindingathe, palibe mlandu, asiya sukulu, apite naye kumsasa wa othawa nkhondo mpaka Roza abwere. Mayeso atsala miyezi iwiri. Mtsikana ameneyu ndiye amakhoza kuposa onse, Chichewa anachiphunzira chaka chatha chomwechi.

Pa mawu anga onse aja, chomwe chatuluka n'chakuti, "Lolemba ndikupeze m'kalasi. Ukachedwa udzasesa bwalo lonse."

Wandiberekeranso mwanayo. Akuti ndimawerama molakwika.

Lamulungu

Kutchalitchi ndi Zeka kumsana. Ndikanamusiyira ndani?

Amayi a kwaya nthungululu. "Madamu, munabisa bwanji chonchi?" Ndafotokoza. Mayi Phiri, akazi a wapolisi wa kuno, akuti mphuno ndi yanga ndithu. Ndafotokozanso. Akumwetulira. Mawa akupita ku Zomba, ndipo mng'ono wawo amapemphera tchalitchi chimodzi ndi apongozi anga.

Ndikulemba kalata kwa amuna anga. Kalata imayenda sabata yathunthu. Mayi Phiri amayenda tsiku limodzi.

Roza sanabwere. Lole yaima kumsewu kawiri, kawiri konse ndatuluka kukasuzumira. Koyamba atsika anyamata a matumba a makala, kachiwiri sanatsike munthu. Filomena wabwera masana, wakhala pakhonde ndi kope lake, akuti akuwerenga. Pepala silikutembenuka. Nayenso maso ali kumsewu. Ndamupatsa tiyi, wandiuza kuti thewera ndimalipinda ngati envulopu.

Chikwama ndamasula. Zovala zabwerera pa msomali.

Ndatsegula sikimu kuti ndione za mawa. Phunziro: kuchapa ndi kusita. Sindipempha munthu chovala, ngakhale kampango ka m'thumba. Pa bolodi sindilemba kanthu. Zipangizo zilipo kale, zadzaza chingwe, ndipo mwini wake akukonza zina pamsana panga pano.