Chimunthu cha pa Chinsalu

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi ndipo ikundiwawabe, koma bola ndiinene ndekha, chifukwa anthu a ku Tsangano akamaifotokoza amawonjezera zawo.

Loweruka lina kunabwera achinyamata ochokera ku Tete kudzaonetsa gule wamakono m'holo ya pasukulu. Mkazi wanga, Nabanda, anatsogola. Ine ndinachedwa kumunda wa mbatatesi, ndiye pofika ndinangolowera khomo lakutsogolo. Mazenera anali atatchinga ndi mabulangete, kukhoma atapachika chinsalu choyera.

Ndikudutsa kufuna pokhala, pachinsalupo panatulukira chimunthu chowala, chopanda nkhope. Chimimba uko, miyendo yamatewe. Ndikaponda, nacho chiponda, ng'oma n'kulira kuti du! Anthu anafa nalo phwete.

Ndinaima. Nacho chinaima.

"Ndani akundinyogodola kuseriko?" ndinakalipa ndikuloza chala.

Nacho chinandiloza, ndipo kunalira likhweru. Ine, mkulu wa mpingo, bambo wa zidzukulu, kundiimbira likhweru!

Mtsikana amene anali pa kompyuta anadzuka. "Kalma, tiyo, mtima pansi amalume, imeneyo ndi kamera..."

"Khala chete iwe! Ndikulankhula ndi mnzako wamwanoyu. Tuluka, chimimba ngati thumba la fetereza!"

Ndinakunga chibakera, nacho chinakunga. Ndinachiopseza, mabingu anagunda, chinsalu chonse psuu! Anthu anaimirira, abambo kuwomba m'manja, amayi nthungululu. Ine ndinati eya, akundichemerera kuti ndichiphunzitse mwambo. Ndinavula jekete, n'kuthamanga kukafunyulula chinsalu chija.

Khoma. Khoma lokhalokha, ndi buluzi akundiyang'ana.

Mtsikana uja anafotokoza akupukuta misozi ya kuseka. Akuti kamera imatsatira mmene munthu akugwedezera thupi, kompyuta n'kusandutsa zimenezo chithunzi ndi nyimbo. Pamene ndinaimapo panali pa wovina wawo, yemwe nthawi yonseyi anali pambali, manja m'chiuno, kudikira kuti ndichoke.

Mukuganiza kuti alipo anandipepesa? Ayi ndithu! Palibe ngakhale amene anaikapo chikwangwani chochenjeza anthu aulemu wawo.

"Bodza!" ndinatero. "Makina anuwa ndi owonongeka. Ine ndili ndi mimba yoteroyo?"

Kenako kunamveka mawu a Nabanda kuchokera kumbuyo:

"Abambo ake Zeka, khalani pansi. Makinawo akuchitirani chifundo, achepetsako."

Anzanga, musanatukwane mlendo pagulu, yambani mwafunsa kaye ngati si inu nomwe.